Gemu ikumangofa pakati? Musathamangire kufomata, onani kaye mmene ikufera

Mwezi wa Okutobala chaka chatha mng'ono wanga anabwera kwathu ndi laputopu yake atakwinya nkhope, akuti GTA V ikumazimitsa makina, akangosewera pang'ono basi thii, sikirini bii. Anali atapita nayo kale kawiri kwa okonza makompyuta ndipo kawiri konseko anangomufomatira Windows, ndalama analipira, ma assignment ake ena anapita, save ya gemu yomwe anali atafika nayo patali inapitanso, koma vuto lili pompo. Zinandiwawa kwambiri chifukwa ndalama zimenezo mwanayu anachita kusunga pang'onopang'ono. Nde ine ndinamufunsa funso limodzi lomwe palibe anamufunsapo: ikamafa imafa bwanji? Imakubwezera pa desktop, imauma, imabweretsa sikirini ya buluu ija, kapena imazimiratu ngati munthu wazula pulagi kukhoma?

Abale anga funso limeneli ndi theka la ntchito yonse. Tonse timangoti "yakrasha" koma zinthu zinayi zimenezi si matenda amodzi ayi, ndipo mankhwala akenso ndi osiyana. Pano ndigwiritsa ntchito GTA V ngati chitsanzo poti ndi yomwe ndavutika nayo kwambiri, inatuluka pa PC mu 2015 koma mpaka lero ndi imene ili m'malaputopu ambiri, komabe zambiri mwa izi zikugwiranso pa FIFA, PES, Euro Truck Simulator 2 kaya gemu ina iliyonse.

Musanagwire chilichonse sewerani kamodzinso mukuyang'ana nthawi. Ikufa mukangoitsegula, ikufa pa loading, kapena imayamba bwinobwino kenako pakatha mphindi 20 kapena 30 ndi pomwe imagwa? Imafera malo amodzimodzi nthawi zonse, mwina mission imodzi yomweyo, kapena paliponse? Lembani papepala. Mukatero dinani batani la Windows ndi R pamodzi, mulembe perfmon /rel nkudina Enter. Chimene chitseguke ndi Reliability Monitor, anthu ambiri sachidziwa koma chili mu Windows momwemo, chimaonetsa tsiku ndi tsiku chomwe chinagwa, pamakhala timitanda tofiira pa masiku omwe panachitika vuto. Dinani pa tsiku lomwe gemu inafa muone zomwe zalembedwa pansi. Mukafuna zambiri pitani ku Event Viewer, kaundula wa Windows wa zonse zochitika m'makina, mulowe mu Windows Logs, muone pa Application ndi pa System nthawi yeniyeni yomwe munalemba ija.

Tiyambe ndi kuzimiratu kuja poti ndi komwe kumaopsa komanso ndi komwe anthu amabereredwa ndalama kwambiri. Kompyuta ikazima yokha popanda uthenga uliwonse, kapena kudziyatsanso yokha, Windows nthawi zambiri imakhala yosalakwa. Mu Event Viewer mupeza Kernel-Power 41, ndipo ambiri akaona zimenezi amayamba kusaka pa intaneti mmene angakonzere "41" ameneyu, koma iye si matenda, akungokuuzani kuti makina anazima mosatsanzika basi. Zoyambitsa zenizeni kawirikawiri ndi ziwiri, kutentha kapena magetsi.

Kutentha ndiye mdani wamkulu kwathu kuno. Purosesa ya laputopu zambiri za Intel malire ake ndi cha m'ma 100°C, ikamayandikira pamenepo imayamba yadzichepetsa liwiro, nchifukwa chake gemu imayamba kaye kudukiza ngati ikukoka mwendo, ndipo zikapitirira makina amadzizimitsa okha kuti asapse. Nde ganizirani masana a Okutobala ku Salima kapena ku Nsanje, m'nyumba ya malata, laputopu ili pabedi pamwamba pa bulangete, mabowo opumira onse atsekeka. Ya mng'ono wanga inali chonchi ndithu. Ikani kapulogalamu kotchedwa HWiNFO kapena HWMonitor, nkaulere komanso sikadya bandulo yambiri, mukasiye kotsegula kumbuyo nkusewera mphindi 10, kenako mutuluke ndi Alt ndi Tab muone pa Maximum. Kutentha kwa CPU, purosesa ija, kukamakhala m'ma 70 kapena 80 mukusewera palibe chodandaula, koma kukamagunda 95 kupita mtsogolo nkumakhala pomwepo, mwapeza wakuba wanu.

Ife tinaizimitsa, kuchotsa chaja, kumasula tizomangira ta pansi nkutsegula. Pakati pa fani ndi tizitsulo topyapyala tomwe mpweya umatulukira panali fumbi logwirana ngati kansalu, ndinachita kulikoka ndi zala likutuluka lathunthu ngati thonje la m'pilo, lotuwa, losakanikirana ndi ubweya wa bulangete lija. Fani imazungulira ndithu, phokoso lili gwee, koma mpweya osatuluka. Tinapukuta ndi kaburashi ka mano kouma, ndipo apa chonde mukamapemerera gwirani fani ndi chala isazungulire mwaphamvu. Kenako tinamasula chitsulo chomwe chimakhala pamwamba pa purosesa, thermal paste yake, kaphala kopititsa kutentha kuchoka pa purosesa kupita pa chitsulocho, inali itauma gwaa ngati dothi la padambo nthawi yachilimwe. Tinapukuta yakaleyo ndi spirit pa kansalu, kudikira iume, nkuikapo yatsopano kadontho kochepa ngati njere ya mpunga, osati kupaka ngati majarini pa buledi ayi. Ngati laputopu yanu ili ndi batire la mkati, chotsani kaye kawaya kake musanagwire china chilichonse, ndipo ngati simunatsegulepo makina chiyambire pitani nayo kwa wodziwa koma mukamuuze chochita, "ndichotsereni fumbi ndi kusintha paste", osati kungomusiyira kuti ikuvuta, chifukwa mukatero mukaipeza yofomatidwa.

Pali kanzeru kena kosafuna ndalama komwe kamathandiza kwambiri pa laputopu zotentha. Pitani ku Control Panel, Power Options, Change plan settings, Change advanced power settings, mupeze Processor power management, pa Maximum processor state muchotse 100 muike 99. Pa makina ambiri zimenezi zimaletsa purosesa kuthamanga mopitirira muyezo wake wanthawi zonse, turbo ija, ndipo kutentha kumatsika moonekeratu pomwe gemu simusiyanitsa kwenikweni. Muikenso malire a FPS, kuchuluka kwa zithunzi (mafelemu) pa sekondi, kaya ndi VSync mu gemu momwemo, palibe chifukwa chokakamiza makina kutulutsa mafelemu 90 pa sikirini yomwe imaonetsa 60 yokha. Ndipo ikwezeni kumbuyo ndi tizitsekerero ta mabotolo tiwiri kapena buku, ikhale patebulo, mpweya uzidutsa pansi.

Ngati kutentha kuli bwino koma ikuzimabe, yang'anani magetsi. Pa desktop ndi power supply, kabokosi komwe waya wochokera kukhoma amalowa kaja. Anthu timakonda kugula desktop yakale ya muofesi nkuikamo graphics card yaikulu, chipangizo chojambula zithunzi za gemu, osaganiza kuti power supply yake anaipangira Word ndi Excel, nde pa ntchito wamba zonse zili bwino koma gemu ikangofika pamene pali kuphulika ndi magalimoto ambiri, card ikakoka mphamvu, makina thii. Werengani mawati omwe alembedwa pambali pa power supply muyerekeze ndi omwe opanga card yanu amanena, ndipo onetsetsani kuti waya wa mapini 6 kapena 8 uja walowa mpaka kumva kuti tswa. Pa laputopu ndi chaja. Laputopu ya magemu yomwe inabwera ndi chaja ya 150W inu nkumaipatsa ya 65W yogula pamsika poti mutu wake ukulowa, batire limatha chaja ili chilumikizire, kenako kuzima. Komanso extension yotchipa yomwe mwalumikizapo ketulo ndi mbaula, kapena magetsi ofooka a madzulo pamene babu likuchita kuoneka lofiirira, zonsezi zimagwetsa desktop. Yesani soketi ya kukhoma mwachindunji, ndipo amene angakwanitse UPS, kabokosi ka batire kosunga magetsi, agule, imateteza ndi hard disk yomwe magetsi akathima mwadzidzidzi.

Tsopano kuuma kuja, chithunzi chaima, phokoso likungobwereza drrrr, kapena sikirini yada kwa kanthawi nkubwerera koma gemu yafa. Apa wokayikiridwa woyamba ndi diraiva wa graphics, pulogalamu yomwe imalumikiza Windows ndi graphics card. Windows imadikira card masekondi awiri okha, ikapanda kuyankha imamudzutsanso diraiva mokakamiza ndipo gemu imafera pomwepo. Mu Event Viewer pa System muona Display 4101 ndi mawu oti display driver stopped responding, pa NVIDIA dzina lake limakhala nvlddmkm. Pa GTA V nthawi zambiri imakupatsani uthenga wa ERR_GFX_D3D_INIT. Zikauma chonchi musathamangire kukanikiza batani lozimitsira, yesani kaye Windows, Ctrl, Shift ndi B pamodzi, mumva kabipi sikirini nkuphethira, pena zimabwerera.

Kukonza kwake sikungoika diraiva watsopano pamwamba pa wakale ayi, zotsalira za wakale zija ndi zomwe zimasokoneza. Yambani mwadaunilodi diraiva woyenera card yanu kuchokera kwa eni ake, NVIDIA, AMD kapena Intel, ndipo poti ena mwa mafayilowa amapitirira 500MB dikirani bandulo ya usiku kapena Wi-Fi ya kuntchito. Mutengenso Display Driver Uninstaller, ambiri amangoti DDU. Zimitsani intaneti, lowani mu Safe Mode, momwe Windows imayaka ndi zofunikira zokha, thamangitsani DDU ichotse zonse, makina adziyatsenso, kenako muike diraiva munadaunilodi uja. Intaneti timazimitsa dala kuti Windows Update isakuphangireni nkuika wake. Ndipo ndinene apa, watsopano si wabwino nthawi zonse. Ngati gemu imayenda bwino sabata yatha ndipo yayamba kugwa mutangopanga update, bwererani ku wakale uja, mu Device Manager muli batani la Roll Back Driver. Timapulogalamu tija tomwe timalonjeza kukupezerani madiraiva onse kamodzi ine sinditikhulupirira ngakhale pang'ono, ndaona tikuika diraiva wolakwika kangapo konse.

Amene muli ndi laputopu ya ma graphics awiri, Intel ndi NVIDIA pamodzi, onetsetsani kuti gemu ikuyendera pa card yaikuluyo. Settings, System, Display, Graphics, musankhe gemu yanu muike pa High performance. Ngati munapanga overclock, kukweza liwiro la card kuposa la fakitale, ndi MSI Afterburner bwezerani zonse pa zero kaye. Ma overlay, tizinthu toonekera pamwamba pa gemu, a Discord, Steam ndi Xbox Game Bar nawonso azimitseni poyesa, pena ndi omwewo.

Mtundu wachitatu ndi wofala kuposa yonse koma ndi wosaopsa, gemu ingodzitseka nkukubwezerani pa desktop, Windows ili bwinobwino. Mu Event Viewer pa Application muona Application Error 1000, ndipo mzere wofunika ndi womwe walembedwa Faulting module name, umakuuzani fayilo yomwe yapalamula. Likakhala dzina la diraiva bwererani ku nkhani ya DDU ija. Likakhala dzina la mod, zoonjezera zomwe munaika nokha mu gemu, ndiye mwadziwa kale.

Ma mod ndiwo oyamba kuchotsa, ndikudziwa kuti zimawawa poti galimoto zija munavutika kuziika. Pa GTA V, Script Hook V, yomwe imayendetsa ma mod ambiri, imayenderana ndi version ya gemu, a Rockstar eni gemuyi akangotulutsa update yakaleyo imakana. Sunthani dinput8.dll, ScriptHookV.dll, mafayilo a .asi ndi foda ya mods muziike pena pake, osafufuta, muyese gemu ili yoyera. Ikayenda muzibwezera imodziimodzi mpaka mupeze yovutayo. Ndi njira yochedwa koma ndi yokhayo yomwe imanena zoona, ndipo lamulo limeneli likhale la zonse zomwe ndalemba pano, sinthani chinthu chimodzi, yesani, kenako china. Mukasintha zisanu nthawi imodzi nkutheka, simudziwa chomwe chathandiza, tsiku lina likadzabweranso mudzayambiranso pachiyambi.

Kenako mafayilo a gemu. Pa Steam dinani kumanja pa gemu, Properties, Installed Files, Verify integrity of game files, imangodaunilodi zoonongeka zokha osati gemu yonse, Epic ndi Rockstar Games Launcher nazonso zili ndi verify yake. Gemu yomwe imafera pamalo amodzimodzi nthawi zonse kawirikawiri ndi fayilo imodzi yoonongeka. Tinene zoona, ambiri magemu timakoperana pa flash kapena pa external, ndipo gemu ya 70GB kapena kuposa ikamadutsa m'ma flash otopa fayilo imodzi kuonongeka nkosavuta. Komanso Windows Security imagwira mafayilo ena nkuwatsekera, mukaona pa Protection history mupeza. Koma apa samalani amwene, musamangodina Allow pa chilichonse, magemu okrakidwa ena amabwera ndi tizilombo tenitenito, tina timagwiritsa ntchito card yanu kukumba crypto, ndalama za pa intaneti zija, mobisa, makina nkumatentha ngakhale simukusewera. Mukatha kugula yeniyeni nthawi ya sale pa Steam mutu umapuma.

Ikamakana kutseguka nkomwe nkumanena za MSVCP140.dll, VCRUNTIME140.dll, d3dx9_43.dll, xinput1_3.dll kapena nambala ija 0xc000007b, chonde musapite pa mawebusayiti ogawa ma dll amodziamodzi. Awiri oyambawo ndi a Visual C++ Redistributable ya 2015-2022, itengeni kwa Microsoft muike zonse ziwiri, x86 ndi x64, ngakhale Windows yanu ili 64-bit. Ma dll awiri enawo ndi a DirectX End-User Runtimes ya June 2010, magemu akale amaifunabe. Izi zimachitika kwambiri makina akangofomatidwa kumene, nchifukwa chake kufomata pena kumangoonjezera mavuto.

Nanga ija yoyamba bwino kenako pakatha theka la ola, mukuthamanga ndi galimoto mumzinda, misewu nkuyamba kusowa, nyumba kuchedwa kuoneka, kenako gemu tseke? Imeneyo ndi memory yatha. GTA V ya 2015 ija pa pepala amati 4GB RAM ikukwana koma 8GB ndi yomwe amalimbikitsa, ndipo ndi Windows ya masiku ano ndi Chrome ili ndi ma tab khumi kumbuyo, 4GB ndi kudzizunza. Tsegulani Task Manager pa Performance muone Memory mukusewera. Tsekani browser ndi zina zonse. Pagefile, malo a pa disk omwe Windows imabwereka RAM ikadzaza, musaizimitse, ena amalangiza zimenezo kuti makina athamange koma magemu akuluakulu amagwa nazo, isiyeni pa System managed ndipo drive C ikhale ndi malo, osati yofiira. Mu settings za gemu muli kamzere ka Video Memory pamwamba, kasapitirire zomwe card yanu ili nazo, tsitsani Texture Quality pa Normal, Population Density ndi Distance Scaling muchepetse, MSAA zimitsani. Pa ma card akale kusintha DirectX kuchoka pa 11 kupita pa 10 kapena 10.1 kumathetsa kugwa kwina. Ngati munasintha settings gemu nkusiya kutseguka, pitani ku Documents, Rockstar Games, GTA V, mufufute settings.xml, idzipangira ina yatsopano.

Sikirini ya buluu yokha ndiye musaiope, imakuthandizani poti imasiya dzina. Ijambuleni ndi foni isanachoke. VIDEO_TDR_FAILURE ndi diraiva wa graphics kapena card yomwe. MEMORY_MANAGEMENT kawirikawiri ndi RAM. WHEA_UNCORRECTABLE_ERROR imaloza ku hardware, kutentha, overclock kapena magetsi. Mukamakayikira RAM lembani mdsched pa Windows ndi R paja muyese, koma MemTest86 yoikidwa pa flash nkuisiya usiku wonse ndi yomwe imagwira bwino, error ngakhale imodzi yokha ndi vuto. Ngati muli ndi ma RAM awiri chotsani imodzi museweretse inayo, kenako musinthanitse. Pena sikuti yafa, yangokhala molakwika kapena mano ake agolide aja ada, kupukuta pang'ono ndi labala ya pensulo nkuibwezera bwino kumatha nkhani. Amene munayatsa XMP, yothamangitsa RAM ija, mu BIOS izimitseni kaye poyesa. Hard disk iyang'aneni ndi CrystalDiskInfo, ikalemba Caution yachikasu koperani zinthu zanu lero lomwe, ndipo ngati mukumva kugogoda kuti tik tik mkati ndiye nthawi yatha kale. Windows yeniyeniyo muiyeze potsegula Command Prompt ngati administrator nkulemba sfc /scannow, ikapeza zomwe yalephera kukonza mulembe DISM /Online /Cleanup-Image /RestoreHealth, koma yachiwiriyi imafuna intaneti.

Laputopu ya mng'ono wanga titaitseka tinaiyatsa nkusewera maola awiri masana omwewo a Okutobala, CPU yomwe imagunda 99 inakhazikika m'ma 80, osazimanso. Ndalama yomwe inapita ndi ya kachubu ka paste basi.

Kufomata kuli ndi nthawi yake, ngati kutentha kuli bwino, RAM ndi disk zadutsa mayeso, diraiva mwaika woyera koma magemu onse akugwabe, kapena mwapeza kuti muli kachilombo kokana kuchoka, pamenepo fomatani. Koma musanatero koperani foda ya Documents yonse pa external, ma save a GTA V amakhala mu Rockstar Games, GTA V, Profiles, ndipo a magemu ena amabisala mu AppData, mulembe %appdata% ndi %localappdata% pa Windows ndi R muyang'ane foda ya dzina la gemu yanu kapena la kampani yomwe inaipanga. Mudaunilodiretu diraiva wa graphics ndi wa Wi-Fi muwasunge pa flash yomweyo, chifukwa Windows yatsopano pena imadzuka yosaona netiweki ndipo simungadaunilodi kanthu.